Banja linatha, ngongole inatsala: zimene ndinakumana nazo ku Harare

Ndine mwana wa ku Mufakose, koma makolo anga ndi a ku Dedza. Bambo anga anabwera kuno kudzagwira ntchito dziko lino likutchedwa Rhodesia, ndipo ine, monga ana ambiri a Amalawi a ku Mbare, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa, ndinakula ndikuyankhula Chishona kusukulu, Chichewa pakhomo ndi kutchalitchi. Anthu ngati ife banja likatha timapezeka pakati pa malamulo awiri. Kwathu nkhani ya banja ndi ya ankhoswe, ndipo chimene ankhoswe agamula n'chomwecho. Boma la Zimbabwe limayamba ndi funso lina: dzina lili papepala ndi la ndani? Ndikulemba izi chifukwa amayi anzanga ambiri akutuluka m'mabanja ndi mapoto ndi zofunda basi, kenaka n'kumalondoledwa ndi ngongole imene sanadyeko n'komwe.

Tinamanga ukwati woyera ku CCAP mu 2003, wa satifiketi ija anthu kuno amangoti 5.11 potsata nambala ya lamulo lake. Bambo a ana anga ndi dalaivala wa mathiraki, njira yawo ndi ya Nyamapanda, Tete mpaka Blantyre. Ine ndine telala, ndimasoka mayunifomu a sukulu. Mu 2008, m'masitolo mutangotsala mashelefu, ndinkakwera basi kukaoda mafuta ophikira, ufa ndi sopo ku Musina, ndipo ndi geni imeneyo imene inatidyetsa, malipiro awo atasanduka mapepala. Madola a ku America atayamba kugwira ntchito mu 2009 tinayamba kusunga, ndipo patapita zaka tinagula nyumba ya zipinda zinayi ku Budiriro. Inalibe title deed. Inali ya cession, ija dzina la mwini wake limangokhala m'fayilo ku ofesi ya nyumba ya khonsolo. Tsiku losaina ine ndinali ndi khanda m'manja, anapita okha, m'fayilomo munalowa dzina lawo lokha. Ku Ntcheu, pamalo a amayi awo, anamanganso nyumba ya malata ndi ndalama za m'banja momwemu.

Chimene chinathetsa banjali ndichisiya. Ankhoswe anayesetsa, akulu a mpingo anayesetsa, zinakanika.

Tsiku logawana katundu ankhoswe a mbali zonse anakhala pabalaza pathu. A kuchimuna anati, "Mayi, tengani makina anu, ziwiya, filiji ndi bedi la ana. Galimoto ndi ya bambo. Nyumbayi tisaikhudze, ndi ya ana." Aliyense anavomereza, inenso mtima unakhala pansi, chifukwa ndi mayi uti angakane kuti nyumba ikhale ya ana? Amene sanasangalale ndi atsibweni anga. Anthu atabalalika anandiitanira kuseri n'kundiuza kuti, "Mwana wanga, fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mawu akuti nyumba ndi ya ana alembedwa pati? Mawa m'nyumbamu mukalowa mkazi wina, ana akewo sadzakhala ana?"

Ankhoswe sindikuwanyoza. Anatithandiza kugawana katundu wa m'nyumba popanda ndewu, ndipo mpaka lero ndikakumana ndi alamu anga pamaliro timapatsana moni chifukwa cha ntchito imene anagwira. Koma mawu awo safika ku khonsolo, ku banki kapena ku ofesi ya ma deed.

Ndalama ya loya wolipira ndinalibe. Mu Harare muli malo othandiza anthu otere: Legal Aid Directorate ya boma, Zimbabwe Women Lawyers Association, Women and Law in Southern Africa, Legal Resources Foundation, ndiponso Musasa, makamaka ngati m'banjamo munali nkhanza. Ndinapita kumodzi mwa malo amenewa, ndipo loya wachitsikana amene anandilandira anayamba ndi mawu amene anandiziziritsa nkhongono. Anati kuno ku Zimbabwe, kuyambira 1929, ukwati suphatikiza katundu pokhapokha ngati munasainirana pangano lapadera musanakwatirane. Cholembedwa m'dzina la mwamuna ndi chake, cholembedwa m'dzina la mkazi ndi chake, mpaka khoti litagawa. Ndiye kuti bambo a ana anga akanatha kugulitsa nyumba ya ku Budiriro osandifunsa, ndipo kuilanda kwa munthu amene wagula mosadziwa kalikonse ndi nkhondo yovuta kupambana. N'chifukwa chake nditangomva kuti kunabwera anthu odzaona nyumba ine ndili kuntchito, loyayo anathamangira kukhoti kukapempha chiletso choti nyumbayo isagulitsidwe kapena kusinthidwa dzina mlandu usanathe, ndipo chikalatacho chinakaperekedwa ku ofesi ya nyumba. Ngati nyumba yanu ili ndi title deed, chiletso chotere chimakalembedwa ku Deeds Office. Ichi chikhale choyamba, musanayambe kukangana za mipando.

Mawu otonthoza anabwera pambuyo. Lamulo lotchedwa Matrimonial Causes Act, m'gawo 7, limapatsa khoti mphamvu yogawa katundu wa okwatirana, ngakhale kuchotsa chinthu m'dzina la wina n'kuchipereka kwa mnzake. Woweruza amayang'ana zimene aliyense amapeza, zosowa zake ndi za ana, msinkhu ndi thanzi, zaka zimene banja lakhala, penshoni imene wina ataye chifukwa cha kutha kwa banja, ndi zimene aliyense anathandiza. Pothandizapo lamulo limatchula poyera kusamala pakhomo ndi kulera ana. Amayi, imvani bwino pamenepa. Kuphika, kuchapa, kugona kuchipatala ndi mwana, kusamala apongozi odwala, zonsezo lamulo limaziwerengera. Mu 2003 Supreme Court inagamula kuti mayi amene anakhala pabanja zaka zambiri osagwira ntchito yolipidwa alandire theka la mtengo wa nyumba. Malamulo aakulu a dziko a 2013 nawonso, m'gawo 26, amanena za kufanana kwa ufulu ndi udindo wa okwatirana, ali m'banja ndiponso banja likamatha. Mawu aja akuti "unabwera ndi chiyani pano?" kukhoti alibe mphamvu imene ali nayo pakhomo.

Izi sizikutanthauza kuti chilichonse chimadulidwa pakati. Makhoti amatsata njira imene Supreme Court inaika mu 1994: katundu amamuika m'milu itatu, wa mwamuna, wa mkazi, ndi wa onse awiri, kenaka amaona ngati chilungamo chikufuna kuti atape pamulu wina kuwonjezera pa unzake. Pali zina zimene sizilowa m'kugawaku: chimene munthu analandira ngati chamasiye, chimene mwambo umati ndi chake yekha, ndi chinthu chimene ali nacho pamtima mwapadera. Makina akale a Singer amene mayi anga anandisiyira sanalowemo. Makina a magetsi amene ndinagula tili m'banja analowa. Chinanso chimene ambiri sadziwa n'chakuti katundu amene wagula mutapatukana kale, koma khoti lisanathetse ukwati, akhozanso kuwerengedwa. Amene munangosiyana pakamwa zaka zapitazo, satifiketi ili m'sutikesi, pamaso pa lamulo mukadali pabanja, ndipo ndi 5.11 simungakwatirenso kapena kukwatiwanso mwalamulo.

Mtundu wa ukwati ndi umene umakuuzani khomo loti mugogode. Wathu wa 5.11 umathetsedwa ku High Court yokha, ya kuno ili mumsewu wa Samora Machel. Ukwati wamwambo wolembetsa, uja wa 5.07, ukhoza kuthera kwa majisitireti. Ambiri mwa anthu athu alibe pepala lililonse: anangopanga chinkhoswe kapena kupereka malowolo, ena anangolowana. Kale amayi otere ankavutika kwambiri, ankayenera kutsimikizira khoti kuti chumacho anachipezera limodzi ngati anthu ochita bizinesi imodzi, kapena kuti mwamuna walemera ndi thukuta lawo. Lamulo latsopano la maukwati la 2022, la Chapter 5:17, linabweretsa chimene amati civil partnership, kuti mwamuna ndi mkazi amene akhala limodzi ngati banja, akamasiyana, katundu agawidwe potsata gawo 7 lomwe lija. Choncho musakhale pansi poganiza kuti opanda satifiketi alibe chawo. Kafunseni.

Kwa ife Amalawi palinso funso lina limene loya anandifunsa msanga: bambowa kwawo kwenikweni mwalamulo ndi kuti? High Court imayamba yaona ngati mwamuna anakhazikika mu Zimbabwe. Ngati iye akuti kwawo ndi ku Malawi, kuno anangobwerera ntchito, mkazi akhozabe kusuma kuno ngati ukwati unamangidwira kuno ndipo mkaziyo wakhala m'dziko muno zaka zosachepera ziwiri chikwatiwire ndipo akukhalabe kuno. Za nyumba ya ku Ntcheu anandiuza mosabisa kuti chigamulo cha ku Harare n'chovuta kukachigwiritsa ntchito pamalo a makolo ku Malawi, pamene eni ake ndi mbumba ya amayi awo ndipo oyang'anira ndi amfumu. Nzeru yake inali yakuti ndisalimbane nayo, koma ndionetse kuti inamangidwa ndi ndalama za banja, kuti gawo langa la nyumba ya ku Budiriro likule. Malisiti otumizira ndalama kwa mlamu wanga amene ankayang'anira amisiri, ndi mauthenga a pa WhatsApp okambirana za simenti ndi malata, zinagwira ntchito imeneyo.

Tsopano za ngongole, chifukwa ndi pamene ndinalira misozi yambiri, ndipo pabalaza paja palibe ndi mmodzi yemwe anaitchula. Aliyense ankawerenga zimene zilipo. Zimene tinali nazo kwa anthu palibe anafunsa.

Loya anandituma kuti ndilembe ngongole zonse, ndipo pambali pa iliyonse ndilembe amene anasaina. Panali bilu ya madzi ndi ma rates ya ku khonsolo imene inaunjikana kwa nthawi yaitali. Panali fizi ya mwana wamkulu. Panali ndalama ya chipereganyu, chimene anzathu kuno amati mukando, imene ndinatenga ine n'kulipirira chipatala cha apongozi. Panali katapila amene bambo anatenga kwa munthu wina wa ku Mbare popanda ine kudziwa. Ndipo panali yaikulu, ya kukampani ina yobwereketsa ndalama, imene anagulira Honda Fit yoti izinyamula anthu. Pa imeneyi anandipempha kuti ndisaine ngati wowaimira, chimene pafomu analemba kuti surety. Akazi ambiri timasaina zimenezi, ndi mmene mabanja amathandizirana.

Lamulo lake ndi losavuta kulimva koma ndi lowawa. Popeza ukwati suphatikiza katundu, suphatikizanso ngongole. Ngongole ya mwamuna wako si yako chifukwa chongoti ndiwe mkazi wake. Wakatapila uja atabwera pageti kudzandiopseza ndinamuuza kuti dzina langa palibe, akafune amene anamubwereka, ndipo akabweranso ndikaitana apolisi. Sanabwerenso. Koma pamene pali siginecha yako, ngongoleyo ndi yako, ndipo wobwereketsa alibe nazo ntchito zoti banja latha. Ngakhale chigamulo cha khoti chitanena kuti ngongole ya galimoto alipire ndi bambo, mawu amenewo amamanga inu awiri okha. Kampaniyo sinali pamlandu wanu. Bambo akapanda kulipira, imabwera kwa amene anasaina ndipo akupezeka, osati amene ali pamsewu wa Tete.

Ndi mmene zinachitikira. Bambo anasiya kulipira titangopatukana, kampani inasuma tonse awiri, ndipo masamoni anandipeza ine. Masamoni musawaike pansi pa matiresi. Muli masiku owerengeka oti muyankhe, ndipo mukangokhala chete chigamulo chimaperekedwa inu kulibe, kenaka mtumiki wa khoti, Messenger of Court, amabwera kudzalemba katundu. Ine ndinapita nawo kwa loya tsiku lomwelo, tinakakambirana ndi kampaniyo, inavomera kudikira kugawidwa kwa nyumba pamene ine ndinkapereka pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Lisiti iliyonse ndinkasunga, ndipo ndalama zimenezo zinadzachotsedwa pagawo la bambo. Mnzanga wina wa kumvano zake zinali zosiyana: iye sanasaine kalikonse, koma a khoti anabwera kudzalemba katundu wa m'nyumba chifukwa cha ngongole ya mwamuna wake. Zikatero pali njira yokauza khoti kuti katunduyu ndi wanga, si wa wangongoleyo, koma pamafunika umboni. Chimene chinapulumutsa sitovu ndi filiji yake ndi malisiti okhala ndi dzina lake.

Mlandu wathu sunafike pokaimika mboni. Bambo ataona mapepala amene ndinali nawo, nawonso anapeza loya, ndipo tinagwirizana kulemba pangano limene amati consent paper, limene woweruza amaliwerenga n'kulisandutsa chigamulo. Njira imeneyi ndi yachangu ndiponso yotchipa kuposa kukokana, koma ndi pamene pamafunika maso. Chimene simunalembe m'pepalalo n'chovuta kudzachifuna pambuyo. Ankhoswe tinawaitananso kuti amve zimene zalembedwa tisanasaine, ndipo zinathandiza kuti achibale asadzanene kuti ndinachita zakuseri.

Pali zinthu zimene ndinaumirira kuti zilembedwe. Choyamba, gawo la nyumba lilembedwe ngati maperesenti a mtengo wake, osati chiwerengero cha ndalama. Aliyense wokhala kuno akudziwa chifukwa chake. Mu February 2019 boma linalamula kuti ngongole zambiri zimene zinali m'madola a ku America zisanduke madola a dziko lino otchedwa RTGS, imodzi kwa imodzi, ndipo anthu amene ankadikira kulipidwa gawo lawo analandira ndalama yosagula ngakhale chitseko. Mu April 2024 kunabweranso ndalama ina yotchedwa ZiG. Munthu amene walembetsa theka la mtengo wa nyumba, theka lake limakhalabe theka, ndalama isinthe dzina kangati. Pamene panafunika kutchula chiwerengero, tinalemba kuti ndi madola a ku America. Chachiwiri, mtengo wa nyumba auone katswiri wovomerezeka amene tonse tagwirizana, ndipo tikalephera kugwirizana asankhe ndi Registrar wa High Court. Chachitatu, ndipatsidwe nthawi yoti ndigule gawo la bambo, ndikalephera ndiye igulitsidwe tigawane. Ndipo chachikulu kwa ine: ngongole ya galimoto ichotsedwe pagawo lawo, ndalamayo ichoke kwa maloya kupita kukampani mwachindunji, isadutse m'thumba mwa wina aliyense.

Tinalembanso kuti wina akakana kusaina mapepala osinthira dzina, Sheriff, mkulu wa khoti wokwaniritsa zigamulo, asaine m'malo mwake. Kwa mkazi wa dalaivala amene amatha milungu ali kunja kwa dziko, mzere umenewu ndi wofunika ngati nyumba yeniyeniyo.

Mapeto ake, iwo anatsala ndi nyumba ya ku Ntcheu ndi galimoto, ine ndinapatsidwa gawo lalikulupo la nyumba ya ku Budiriro. Ngongole ya chipereganyu tinagawana pakati chifukwa inalipirira mayi awo, ngakhale kwa amayi a gululo woyankha ndinali ine. Bilu ya ku khonsolo inachotsedwa pamtengo wa nyumba tisanagawe, chifukwa dzina silisinthidwa bilu isanathe. Kuti ndigule gawo lawo ndinagulitsa makina amodzi, ndinaika alendi m'zipinda ziwiri, ndipo mchimwene wanga wa ku Johannesburg anandibwereka yotsalayo. Ine ndi ana tinapanikizana m'zipinda ziwiri kwa nthawi yaitali. Mabanja ena amasankha kuti nyumba isagulitsidwe mpaka mwana womaliza atakwanitsa zaka 18, ndipo makhoti amavomereza zotere. Ine sindinafune kukhala zaka zonsezo m'nyumba ya dzina la munthu amene ali ndi ngongole kwa anthu ena, chifukwa angongole akewo akhoza kuigwira.

Chinthu chimodzi ndinakana ngakhale ankhoswe anga omwe anandinyengerera. A kuchimuna anati popeza ndatenga gawo lalikulu la nyumba, ndisafunenso ndalama yosamalira ana. Ndalama imeneyo si yanga kuti ndiisinthanitse ndi njerwa. Ndi ya ana, ili ndi lamulo lakelake la Maintenance Act, ndipo bambo akapanda kupereka, khoti la majisitireti likhoza kulamula kuti izidulidwa kumalipiro awo kuntchito. Tinailemba payokha, pamodzi ndi za fizi, ndi masiku amene ana azipita kwa bambo awo.

Abambo amene mukuwerenga, izi zikukhudzaninso. Ndikudziwa abambo amene anatuluka m'nyumba ndi chikwama chokha chifukwa cha manyazi, n'kumalipirabe ngongole ya mipando imene akukhalira ena. Lamulo lomweli limakutetezani.

Chigamulo chikatuluka ntchito imakhala isanathe. Ndinachitenga kupita nacho ku ofesi ya nyumba kuti fayilo isinthidwe, ndipo sindinapume mpaka bilu ya khonsolo itayamba kubwera m'dzina langa. Kukampani ija ndinakatenga kalata yonena kuti ngongole yatha ndipo ine ndamasulidwa, chifukwa mabanki ndi makampani obwereketsa amayang'ana mbiri ya ngongole ya munthu m'kaundula wa Reserve Bank, ndipo telala wofuna kudzabwereka ndalama ya nsalu sangafune dzina lake lipezeke lili ndi banga kumeneko. Akaunti ya kubanki imene tinali nayo limodzi tinaitseka. Ndinasinthanso mayina a odzalandira pa polise ya maliro. Ku sosaite yathu ya maliro ya Amalawi, kumene tinalembetsa ngati banja limodzi m'dzina la bambo, ndinapempha akuluakulu kuti anditsegulire tsamba langa ndi ana anga, zaka zimene ndinasonkha ziwerengedwe. Anakambirana pamsonkhano wa mwezi wotsatira ndipo anavomera.